Impela ndasintha koma injini ikukodzabe modontheza

Wofunsa:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ndi injini ya boti ya 15 hp, two-stroke, ya kasitomala. Akuti madzi a pakabowo kokodzera kaja, kotulutsa timadzi toonetsa kuti pampu yoziziritsa injini ikugwira, anayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndiye tsiku lina ali pakati pa madzi anangoona nthunzi ikutuluka m'malo mwa madzi, n'kuizimitsa. Ndatsitsa giyabokosi, impela yakale, kagudumu ka raba ka mapiko kamene kamapopa madziwo, ndaipeza yonyenyeka, ndaika yatsopano. Ndailiza m'dilamu, madzi akutuluka koma modontheza ngati mpopi wotha raba, komanso ndi otentha. Pakangotha mphindi zitatu, hedi, mutu wa injini uja, simungaigwire ndi dzanja. Kuipatsa moto sikukusintha kanthu. Mwiniwake akuifuna mawa madzulo, ndipo ntchitoyi ndili nayo chaka chachiwiri chokha, ndiye mutu waima. Ndaphonya pati?

Mwini maboti awiri:
Achimwene, musanamasulenso bawuti ina iliyonse, tokosani kaye kabowoko. Ine ndinataya tsiku lathunthu n'kumasula injini yabwinobwino, kumapeto n'kupeza kuti mavu aja omanga ndi dothi anali atamata m'kapaipi. Injini ikakhala milungu ingapo osagwira ntchito amapezapo nyumba. Tengani nayiloni yokhuthala ya mbedza, mulowetse injini ikulira. Waya ayi, amaboola kapaipi ka raba.

Wofunsa:
Ndinayambira pomwepo bambo. Kapaipi ndinakazula, n'kuuzira ndi pakamwa, mpweya ukudutsa bwinobwino.

Makaniko wa mainjini a pamadzi:
Likanakhala vuto la kabowo, hedi sikanatentha. Kabowo kaja ndi mboni chabe, kamangotiuza kuti pampu ikugwira. Madzi ambiri oziziritsa amatsikira mkati n'kutuluka limodzi ndi utsi kumunsi. Kakatsekeka injini imazizirabe, kungoti inu simukuona. Apa hedi ikutentha, ndiye madzi sakuyendadi.

Ndifunse ziwiri. M'dilamumo madzi akufika pati? Pampu imakhala pamwamba pa giyabokosi, pamwambanso pa chimbale chija chili pamwamba pa pulopela. Anthu ambiri amangomiza timabowo tolowera madzi n'kumati zakwana, pamene pampu ili pamtunda ikupuma mpweya. Madzi adutse molumikizira giyabokosi ndi mwendo wa injini. Chachiwiri, kakiyi ka impela kanalowa? Kakagwa pomanga, shafti imazungulira yokha mkati mwa impela. Nthawi zina impela imatengeka pang'ono chifukwa chothina, n'kumapereka timadzi tochepa ngati timene mukunenati.

Wofunsa:
Madzi ndinadzaza mpaka kupitirira molumikiziramo. Kakiyi ndinakamata ndi girisi kuti kasagwe, ndipo nditazungulitsa shafti ndi dzanja ndisanatseke, impela inkatsatira. Potseka ndinazungulitsa shafti mmene muvi wa wotchi umayendera kuti mapiko apindike mbali yoyenera. Sefa za kumunsi ndatsukanso, munali timchenga pang'ono basi.

Mnyamata wa pagalaja:
Aise ingochotsa thermostat, kavavu kaja kotseka madzi mpaka injini itenthe, uitaye. Ife timatero, madzi amathamanga ngati payipi yothirira. Kasitomala akaona mkodzo wamphamvu amapita akumwetulira.

Mayi makaniko:
Amapita akumwetulira, pakatha miyezi itatu amabwera atakwinya nkhope mapulagi ali bii. Mwana wanga, thermostat sanaiikemo kuti izikongoletsa injini. Injini yoyenda yozizira kwambiri siwotcha mafuta onse, mwaye umamanga pa pisitoni ndi m'maring'i, ndipo ikakhala four-stroke petulo amatsikira mu oyilo. Zilipo zing'onozing'ono kwenikweni zimene zimabwera zopanda thermostat kuchokera kufakitale, zimenezo anazipanga choncho. Koma imene inabwera nayo, ibwerere nayo. Kuichotsa kwa mphindi zochepa kuti muyese, palibe cholakwika. Kuitaya ndiye ayi.

Mnyamata wa pagalaja:
Mayi, komatu ndachotsapo zambiri ndipo zikuyendabe mpaka lero.

Mayi makaniko:
Kuyenda zikuyenda, ndi angati anabwerera kudzakuuza mafuta amene zikumwa? Tisiye zimenezo, mnzathuyu akufuna injini ituluke mawa.

Achimwene ofunsa, pokweza giyabokosi munaonetsetsa kuti paipi ya madzi yalowa m'karaba ka pamwamba pa pampu? Pamene paja pamavuta, chifukwa maso amakhala pa shafti ndi pa ndodo ya magiya, paipi n'kudutsa pambali. Mabawuti amamangika bwinobwino osakuuzani kanthu. Pampu imapopa madzi, koma amangothera mkati mwa mwendo. Ngakhale paipi italowa, karabako kakakhala kakale kamapindikira mkati n'kutseka theka la njira.

Madala opuma pa ntchito:
Ndawerenga zonse. Mwana wanga, impela yakaleyo mwaitaya?

Wofunsa:
Ayi madala, ili pabenchi pano. Ndimasungira kasitomala kuti aone chimene ndachotsa.

Madala opuma pa ntchito:
Mwachita bwino. Itengeni muwerenge mapiko, mundiuze alipo angati athunthu, oduka ndi angati, ndipo zidutswa zimene munazipeza ndi zingati.

Wofunsa:
Mapiko onse anayenera kukhala 6. Anayi alipo koma ndi ouma, opindika mbali imodzi. Awiri anaduka chapatsinde. Chidutswa chimodzi ndinachipeza m'kapu ya pampu. Chinacho sindinachione, ndimayesa chinagwa pansi pomasula.

Madala opuma pa ntchito:
Sichinagwe pansi chimenecho. Phiko likaduka injini ikulira kawirikawiri limakwera ndi madzi m'paipi kupita kumutu kwa injini. Ndipo raba ameneyu sasungunuka m'madzi. Amayenda mpaka akapeze pothina, n'kukhala pomwepo. Malo ake odziwika ndi atatu: pamwamba pa paipi pamene imalowa pansi pa injini, polowera madzi m'makoma a masilinda, ndi pansi pa thermostat. Inu mwaika pampu yatsopano yamphamvu, koma ikukankhira madzi pachitseko chotseka. N'chifukwa chake kuipatsa moto sikukusintha kanthu.

Chitani chonchi, ndipo musadumphe. Tsitsaninso giyabokosi, inde ndikudziwa kuti mwatopa nayo. Poitsitsa muyang'ane zimene anena mayiwa, karaba kaja kamaonetsa chipsera ngati paipi inadutsa pambali. Kenako masulani chivindikiro cha thermostat, muitulutse bwinobwino, muunike m'dzenjemo ndi tochi. Mukatero ikani ndowa pansi pa mwendo, pamwamba pa ndowayo muyalepo nsalu yoyera. Thirani madzi a payipi kuchokera pabowo la thermostat kuti atsike kudzera m'paipi ya madzi, kutanthauza kuti aziyenda mobwerera. Ambiri amalakwitsa apa, amalumikiza payipi kumunsi n'kumakankhira m'mwamba. Mukatero mukukhomerera chidutswacho pamene chinakakamira kale. Chinalowa chokwera, chituluke chotsika. Nsaluyo ndi yoti muone chilichonse chimene chatuluka.

Zidutswa zikatuluka, zilumikizeni pa impela yakale ija ngati mukulumikiza mbale yosweka. Phiko likapanda kukwanira, ndiye kuti china chatsalira mkati, musamange. Ine ndinamangapo injini kanayi tsiku limodzi ndili mnyamata chifukwa cha kachidutswa kochepa ngati chikhadabo, abwana anga akungondiyang'ana osanena kanthu. Madzulo ndi pamene anandipatsa impela yakale m'manja n'kuti werenga.

Makaniko wa mainjini a pamadzi:
Ndiwonjezere pa mawu a madalawa. Giyabokosi ili pansi choncho, yesani pampu payokha kuti mtima ukhale m'malo. Imikani giyabokosi m'dilamu madzi atakwirira pampu, giya ikhale pa nyutulo, vekani kachidutswa ka paipi ya raba kumutu kwa shafti kuti mano asaphwanyike, muzungulitse ndi drill mmene muvi wa wotchi umayendera. Madzi akamatumphuka pamwamba pa pampu, kumunsi kulibe mlandu, vuto lili kumtunda. Mwagawa injini pawiri, simukulotanso.

Komanso munasintha impela yokha kapena ndi mbale yachitsulo ya pansi pake ndi kapu yomwe? Pitsani chikhadabo pambaleyo. Chikamakodwa m'mizere, impela yatsopano siigwira bwino, madzi amabwerera m'mizeremo. Zimaonekera kwambiri pa moto wochepa, chifukwa pamenepo mapiko amafinya madzi pokhudza khoma la kapu. Pa moto wambiri mapiko amagonera kumbuyo, pampu imangomwaza madzi ndi liwiro. N'chifukwa chake pampu yotha imakodza bwino boti likamathamanga, n'kusiya mukamayandikira kumtunda.

Mayi makaniko:
Ndipo popeza inafika potulutsa nthunzi, musaipereke musanayeze kompuresheni, mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya m'silinda. Kutentha kotero kumawotcha gasiketi ya hedi, nthawi zina n'kupinditsa hediyo. Gasiketi ikapsa, utsi umalowa m'njira za madzi n'kumawakankha, ndiye mumaona mkodzo wodukizaduka wosakanikirana ndi mpweya, makamaka mukaipatsa moto. Masulani mapulagi onse awiri muyerekeze. Imodzi ikakhala yoyera mbuu ngati yatsopano pamene inzake ili yofiirira, silinda imeneyo ikumwa madzi. Pa geji, masilinda awiriwo asasiyane kupitirira 10 peresenti kapena chapompo.

Mwini maboti awiri:
Ine ndangokhala chete ndikuphunzira. Mavu anga aja ndawabweza.

Wofunsa:
Ndabwera ndi lipoti akuluakulu. Ndadzuka nayo m'mamawa.

Paipi inali italowa bwino m'karaba, pamenepo panalibe vuto. Pampu ndaiyesa ndi drill, madzi atumphuka mpaka kundinyowetsa malaya. Nditamasula chivindikiro cha thermostat, bawuti imodzi inavuta, ndinachita kuithira mafuta n'kudikira kuopa kuidula. Kutulutsa thermostat, ndapeza kachidutswa ka raba kakuda katapanikizika pansi pake, kopindika pakati. Ndinasangalala, ndinatsala pang'ono kumanga pompo, koma ndinakumbukira za kulumikiza mbale yosweka. Kuika pa impela yakale, phiko silikukwanira, kwatsala kansonga. Ndiye ndinachita za ndowa ndi nsalu zija. Poyamba panatuluka mchenga ndi tizinthu toyera ngati laimu, madzi akutsika mwaulesi. Ndinatseka payipi n'kutsegula mwadzidzidzi kangapo, kachitatu kansonga kaja kanagwera pansalu, madzi n'kuyamba kutsika mokhuthuka. Phiko lakwanira tsopano.

Thermostat ndinaiika m'poto wa madzi pamoto, yatseguka madzi asanayandikire n'kuwira komwe, yatsekanso itazizira. Ndaibwezeramo ndi gasiketi yatsopano. Mapulagi onse ndi ofanana mtundu, kompuresheni yasiyana pang'ono kwambiri. Pano yalira mphindi 20 m'dilamu, ikukodza chingwe chimodzi chosaduka, madzi ake ofunda chabe, ndipo hedi ndikutha kuigwira n'kuwerenga mpaka faifi.

Koma mbale yachitsulo ija ili ndi mizere, chikhadabo chikukodwa pang'ono. Yatsopano ndilibe pano.

Madala opuma pa ntchito:
Eya. Za thermostat, kawirikawiri amadindapo nambala ya kutentha kumene imayenera kutsegukira, pa tiinjini iti imakhala cha m'ma 50 kapena 60 digiri. Tsiku lina mudzaike thermometer m'potomo, musamangodalira maso. Ndipo m'dilamu musailize nthawi yaitali osasintha madzi, amatenthedwa ndi utsi n'kukunamizani kuti injini ikutentha.

Funso langa latsala limodzi. Impela siduka mapiko awiri popanda chifukwa. Mwamufunsa mwiniwake?

Wofunsa:
Ndamuimbira. Poyamba amakana, kenako wavomera kuti m'mawa uliwonse amailiza kaye ili pamtunda, akuti kuti aimve ngati ili bwino asanakankhe boti. Akuti samachedwa nayo, mwina theka la mphindi. Impelayo sanaisinthepo chigulireni injini zaka zinayi zapitazo.

Mayi makaniko:
Theka la mphindi n'lokwanira kuipsereza. Raba ameneyu mafuta ake ndi madzi, akasowa amakhulana ndi chitsulo chouma. Tsiku loyamba saduka, amangouma n'kuchita ming'alu, kudzadukira pakati pa nyanja. Mumuonetse impela yakaleyo ndi zidutswa zake m'manja, amva msanga kuposa kumulalikira. Opanga mainjini ambiri amati isinthidwe pakatha maola 300 kapena zaka zitatu, chimene chayamba kukwana, koma woyenda m'madzi a mchenga kapena a matope ine ndimamuuza chaka ndi chaka. Ngati amayenda m'madzi a mchere, azitsuka ndi madzi abwino akatuluka, zoyera zimene munaziona pansalu zija zimamanga n'kuchepetsa njira.

Makaniko wa mainjini a pamadzi:
Za mbaleyo, mizere ikakhala yosazama injini ipita, koma impela yatsopanoyo idyeka msanga. Itanitsani kiti yonse ya pampu, mbale, kapu, magasiketi ndi karaba ka paipi, mumuuze tsiku lobwera nayo. Gasiketi ya pansi pa mbale musaibwezere yakale mukadzamasula, ikadontha pampu imayamwa utsi m'malo mwa madzi. Pokweza giyabokosi, girisi apite m'mano a shafti m'mbali mokha. Mukapaka pamutu penipeni shafti siifika pamalo pake, ndipo mukakakamiza ndi mabawuti mumapweteka mabering'i.

Mnyamata wa pagalaja:
Komabe akanachotsa thermostat monga ndinanenera, chidutswa chachikulucho akanachipeza dzulo lomwe.

Madala opuma pa ntchito:
Akanachipeza, n'kusiya kansonga kaja m'paipi, thermostat ili m'bini. Mwana wanga wofunsa, musanamupatse kaiyeseni pa boti lenileni, ikoke katundu mphindi khumi pa moto wambiri, kenako muibweze pa moto wochepa muone ngati mkodzo sukufooka. Dilamu siikuuzani zonse.

Wofunsa:
Ndamva madala. Ndagwirizana naye kuti tikumane kumadzi 3 koloko, ndikwera naye ndekha. Kiti ndaitanitsa, ndamuuza abwere nayo injiniyo sabata yamawa ndidzasinthe mbale.