Mwana wa zaka 6 wapezeka ndi nyongolotsi za mtchetcha, ndithandizeni

Moni nonse abale. Mwana wanga wamkazi, wa zaka 6, wakhala ndi mwanabere m'khwapa kwa miyezi itatu. Maantibayotiki anamwa, osaphwa. Magazi anayeza masana sanapeze kanthu, kenako ndinamva kuti tiana ta nyongolotsizi timaoneka m'magazi usiku. Atamuunika ndi ultrasound (makina oonera m'kati mwa thupi), adokotala anandionetsa nyongolotsi zazikulu zikupirikita mu mtsempha. Mtima unandisweka.

Mankhwala a doxycycline adokotala akuti sapatsa ana osakwana zaka 8. Atchula albendazole ndi ivermectin, poti mwanayu wapitirira makilogalamu 15, koma ndamva kuti ivermectin amapha tianato basi, osati zazikuluzo.

Kodi alipo amene mwana wake anadutsamo? Anamupatsa mankhwala anji, ndipo anamuunikanso patapita miyezi ingati? Ndikuopa kuti dzanjali lingadzatupe mpaka kalekale.