Mng'ono wanga atandiuza zimene bwana wake wandale anamuchita, ndinamufunsa funso loipa

Nambewe:

Moni nonse. Ndili ndi chondilemera mumtima, ndipo ndikufuna maganizo anu.

Mng'ono wanga ankagwira ntchito mu ofesi ya munthu wina wandale, wamkulu ndithu m'chipani chake. Dzina lake sinditchula, chonde musandifunse. Ntchito ya mwanayo inali kulemba makalata, kusunga ndandanda ya misonkhano ndi kuyankha foni. Tsiku lina anafika kwanga usiku, nakhala pampando chikwama chili pamiyendo osachitula. Ndinamupatsa madzi, sanamwe. Patapita nthawi ndi pamene anandiuza kuti bwanayo anamuuza atsalire anzake onse ataweruka, ati pali kalata yofunika kukonza, kenaka anakiya chitseko. Sananene zambiri. Ankangopotokola lamba wa chikwama chija m'zala, maso ali pansi.

Mawu oyamba kutuluka pakamwa panga anali akuti, "Nanga iwe unatsaliranji wekha?" Sindinamufunse ngati wavulala, sindinamugwire ndi dzanja lomwe. Anadzutsa mutu nati, "Achemwali, inunso?" Papita zaka zitatu tsopano. Ntchito anaisiya, kupolisi sanapite, ndipo nkhaniyo sanainenenso pamaso panga.

Sabata yathayi ndinaona pa Facebook nkhani ya mayi wina amene akunena zofananazo za wandale wina. Ndinawerenga zimene anthu ankalemba pansi pake: watumidwa ameneyu, akufuna ndalama, anali kuti nthawi yonseyi, akufuna kugwetsa munthu wosalakwa. Ndinamva mawu anga omwe aja. Tulo sindinatione.

N'chifukwa chiyani ife anthu wamba, amene wandaleyo satidziwa n'komwe, timathamangira kumuikira kumbuyo? Ndipo poti sitinalipo, tikamva nkhani yotere tiziti chiyani? Nanga mng'ono wanga ndimuyambe bwanji?

Chatsalira:

Pepani kwambiri mayi, za mng'ono wanuyo zandikhudza. Iyeyo mumamudziwa, munamuona nkhope usiku umenewo, ndiye palibe chokayikira. Koma za munthu amene tangomuwerenga pa intaneti, ine ndimasamala. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

M'ndale nkhani zimenezi zimasanduka chida nthawi zina. Ku Malaysia, Anwar Ibrahim anachotsedwa pa udindo wa wachiwiri kwa nduna yaikulu mu 1998, namangidwa pa milandu ya katangale ndi ya kugonana ndi mwamuna mnzake. Anamangidwanso mu 2015 pa mlandu wonga womwewo. Mabungwe ambiri oona za ufulu wa anthu anati zonsezo zinali ndale. Anakhululukidwa mu 2018, ndipo mu Novembala 2022 anakhala nduna yaikulu. Ku Senegal, Ousmane Sonko, amene anali wotsutsa boma la Macky Sall, ananenezedwa mu 2021 kuti anagwirira mtsikana wogwira ntchito pamalo osisita thupi ku Dakar. Iye anati ndi chiwembu cha boma. Anthu anafa pa zipolowe mu Marichi chaka chomwecho, ena anafanso mu Juni 2023 pamene khoti linati sanagwirire koma linamupatsa zaka ziwiri pa mlandu wosokoneza wachinyamata. Mu Epulo 2024 anasankhidwa kukhala nduna yaikulu.

Ndiye anthu akamafunsa kuti watumidwa ndi ndani, si onse amene ali ndi mtima woipa. Ena anaonapo zikuchitika.

Mayi Nachisale:

Bambo Chatsalira, zimene mwanena zinachitikadi. Koma mwaona kuti m'nkhani ya ku Senegal mwatiuza kumene mwamunayo anathera, osatiuza kumene mtsikanayo anathera? Ankakhala molonderedwa ndi apolisi chifukwa cha kuopsezedwa. Kaya ananena zoona kaya ayi, anthu anali atamuweruza kale khoti lisanakhale pansi.

Ine nkhani imene sindiiiwala ndi ya Khwezi ku South Africa. Limeneli silinali dzina lake lenileni, linali lomubisa. Anali mayi wa zaka 31, mwana wa mnzake wa Jacob Zuma wa m'nthawi yolimbana ndi tsankho, ndipo iye ankamutenga Zuma ngati malume ake. Ananena kuti Zuma anamugwirira kunyumba kwake ku Johannesburg mu Novembala 2005. Mlandu unazengedwa mu 2006. Kunja kwa khoti kunkadzaza otsatira a Zuma, akuimba, akuvina, ena akuotcha zithunzi za mayiyo ndi kumutukwana. Pakati pawo panali amayi ambiri, amsinkhu wa mayi ake omubereka. Ndikakumbukira zimenezo mtima umandiwawa mpaka lero. M'khotimo maloya anafukula moyo wake wonse, anthu amene anagonapo nawo, zimene zinamuchitikira ali mwana, mpaka chitenje chimene anavala usikuwo. Zuma anavomera kuti anagona naye koma anati anagwirizana, ndipo anati atatha anakasamba pofuna kuchepetsa chiopsezo cha HIV, poti ankadziwa kuti mayiyo ali ndi kachilombo.

Pa 8 Meyi 2006 khoti linamupeza Zuma wosalakwa. Chigamulo chimenecho chilipo, sindikuchifufuta. Koma taonani zotsatira zake. Khwezi ndi mayi ake anathawa m'dziko lawo, nakapeza pobisala ku Netherlands mu 2007. Zuma anakhala mtsogoleri wa chipani cha ANC mu Disembala 2007 ndi mtsogoleri wa dziko mu 2009. Mu Ogasiti 2016, iye akulankhula pa mwambo wolengeza zotsatira za chisankho, atsikana anayi anaimirira chete kutsogolo kwake atanyamula mapepala okumbutsa anthu za Khwezi. Patangopita miyezi iwiri, mu Okutobala, Khwezi anamwalira.

Mayi Nambewe, mng'ono wanu mwina za Khwezi sanazimvepo, koma zimene zimachitikira mkazi woulula amazidziwa. Aliyense wa ife amazidziwa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wa wandale ndi ifeyo: amene tinamuvotera, amene tikuyembekeza ntchito kwa iye, amene tinavala nsalu ya nkhope yake. Tikavomera kuti anachitadi, ndiye kuti tavomeranso kuti tinaombera m'manja munthu woipa, ndipo zimenezo n'zowawa. Kutukwana mkaziyo n'kosavuta.

Gomani:

Ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki m'khoti zaka zingapo, ndiye ndiloleni ndiikepo langa.

Anthu amasokoneza zinthu ziwiri. Khoti likamasula munthu pa mlandu waupandu, limakhala likunena kuti umboni sunafike poti palibenso chikayiko chomveka. Nthawi zambiri silikhala likunena kuti wodandaulayo wanama. Milandu imeneyi imachitikira m'chipinda chotseka, mboni palibe, ndiye mawu a mmodzi amalimbana ndi mawu a mnzake. Dominique Strauss-Kahn, amene anali mkulu wa IMF ndipo ankayembekezeka kupikisana pa upulezidenti wa France, anamangidwa ku New York mu Meyi 2011 mayi wokonza m'zipinda za hotela atadandaula. Mu Ogasiti oimira boma anausiya mlanduwo chifukwa anapeza kuti mayiyo ananamapo pa nkhani zina za moyo wake. Koma mayiyo anasuma payekha, ndipo mu Disembala 2012 anagwirizana kunja kwa khoti. Pa mlandu wofuna chipukuta misozi muyeso wake ndi wotsikirapo: amangoona mbali imene umboni ukulemera. Ndi mmene zinakhalira mu Meyi 2023 pamene khoti la ku New York linapeza kuti Donald Trump anamuchita nkhanza zogonana mayi wolemba nkhani E. Jean Carroll ndi kumuipitsira mbiri, nalamula kuti alipire madola 5 miliyoni. Trump akukanabe, ndipo mu Novembala 2024 anthu anamuvoteranso.

Funso lakuti anali kuti nthawi yonseyi ndi limene limandikwiyitsa kwambiri, chifukwa ndinaona ndi maso anga mmene munthu amanjenjemerera akaima m'bokosi la mboni, womulakwirayo atakhala pafupi ndi maloya atatu. Carroll ankanena za m'zaka za m'ma 1990. Moshe Katsav, amene anali pulezidenti wa Israel, anapezeka wolakwa mu Disembala 2010 pa kugwirira mayi amene ankagwira ntchito mu ofesi yake mu 1998, iye ali nduna ya zokopa alendo. Anagamulidwa zaka 7, ndipo kundende analowadi. Ku Zimbabwe, za Canaan Banana, pulezidenti wa kuyambira 1980 mpaka 1987, zinaululika mu 1997, wapolisi amene kale ankamulondera akuzengedwa mlandu wopha mnzake amene anamunyoza kuti ndi mkazi wa Banana. Apo ndi pamene ananena zimene bwanayo ankamuchita. Banana anapezeka wolakwa mu 1998. Ameneyo anali mwamuna, wapolisi, wonyamula mfuti, koma anakhala chete zaka zonsezo. Nanga mtsikana wolemba makalata? Mlandu suola.

Bambo Chatsalira, kusamala kwanu n'koyenera, koma kusamalako kukhale kwa onse awiri. Munthu amene sanalipo angathe kunena kuti afufuze bwinobwino, ofufuzawo asakhale anthu a woimbidwa mlanduyo, ndipo mayiyo atetezedwe. Andrew Cuomo, bwanamkubwa wa New York, anatula pansi udindo mu Ogasiti 2021 kafukufuku wa ofesi ya loya wamkulu wa chigawocho atapeza kuti anazunza amayi 11, ngakhale iye ankakana. Loya wamkuluyo anali wa chipani chake chomwe. Kumeneko kunali kufufuza. Kulemba kuti hule pansi pa chithunzi cha munthu si kudikira khoti, n'kugamula kale.

Kwa aliyense amene zamuchitikira posachedwa: pitani kuchipatala pasanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito mkati mwa nthawi imeneyo. Musafufute mauthenga a pafoni. Lembani tsiku, nthawi ndi malo, ngakhale simunaganize zokadandaula.

Chatsalira:

Bambo Gomani, ndamva. Ndimaimabe pa mfundo yakuti munthu asaweruzidwe pa Facebook, chifukwa amene amanamiziridwa alipo ndipo nawonso ali ndi ana amene amawerenga zimenezo. Koma Mayi Nachisale anena zoona, za mtsikana wa ku Dakar sindinaziganizire n'komwe. Ndinkangotsatira za Sonko.

Mayi Nachisale:

Mayi Nambewe, za mng'ono wanuyo, musamukakamize kupita kupolisi, ndipo musamufunse kuti afotokozenso. Zimenezo asankha yekha. Chanu n'kubweza mawu amene munamuuza aja. Muwatchule momwe munawanenera, adziwe kuti mukuwakumbukira.

Nambewe:

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo. Dzulo madzulo ndinamuimbira. Ndinati, "Usiku uja ndinakufunsa kuti unatsaliranji wekha. Ndinalakwa. Unatsalira chifukwa bwana anakuuza kuti pali ntchito, ndipo wolakwa ndi iyeyo." Kunali zii kwa nthawi yaitali, mpaka ndinayang'ana foni kuona ngati yaduka. Kenaka ndinamva akupuma mwamphamvu. Anati, "Ndinkaganiza kuti munaiwala."

Anandiuzanso chinthu chimene sindinkachidziwa, kuti mauthenga amene bwanayo anamutumizira m'mawa mwake, omuuza kuti asauze munthu, akadali nawo m'foni yakale imene anaisunga m'sutikesi. Sananene chimene akufuna kuchita nawo, ndipo ine sindinamufunse. Abwera Loweruka, adzagona kwanga.