Chubu cha m'mphuno chaleka kutulutsa, mimba ikufufumabe

Wa usiku, wodi ya abambo: Anzanga ndithandizeni. Ndili ndi bambo amene matumbo awo atsekeka, akupita ku theatre m'mawa. Masana anawaika NG tube size 16, chubu chodzera m'mphuno mpaka m'mimba chotulutsira zam'mimba, ndipo m'thumba la chubucho munalowa 600 ml zobiriwira. Kuyambira 7 koloko palibe chatulukanso, mimba yauma gwa ngati ng'oma, ndipo asanza kamodzi. Ndichotse ndiike china?

Sister wa surgical: Musathamange, mwanawe. Akwezeni kaye kumutu, madigiri 30 mpaka 45, kuti masanzi asalowe m'mapapo. Kenako yang'anani nambala ya pachubu imene ili pamphuno ngati ili yomwe analemba poika. Walitsaninso tochi m'kamwa. Munthu akasanza, chubu chimatha kubwerera n'kudzipinda kukhosi, kunja kukuoneka ngati zonse zili bwino.

Wa usiku: M'kamwa mulibe. Koma nambala sanalembe m'faelo, Sister.

Sister wa surgical: Za masiku onse izi! Yezani nokha: nsonga ya mphuno mpaka khutu, khutu mpaka pamtima pomwe nthiti zikumana. Kwa wamkulu zimagwera pa 50 mpaka 60 cm.

Mnzanu wa ku Leeds: Chonde musathiremo madzi musanatsimikize kuti chili m'mimba. Kuno ku England timakoka ndi syringe ya 50 ml n'kuyeza pH (muyezo wa asidi) ya zotulukazo, ikakhala 5.5 kapena kutsika, ndi m'mimba. Zopopera mpweya n'kumvetsera ndi stethoscope analetsa, chifukwa phokosolo limamveka ngakhale chubu chitalowa m'mapapo.

Wa usiku: Timapepala ta pH tinatha kalekale, achemwali. Ndakoka, syringe ikukana.

Sister wa surgical: Agonekeni chamanzere, mukokenso pang'onopang'ono. Mukakoka mwamphamvu timabowo ta chubu timamatirira kukhoma la chifu. Afunseninso a guardian ngati sanawapatse kanthu. Afunseni mofatsa, apo ayi akana.

Wa usiku: Mwalasa! Akazi awo avomera kuti anawamwetsa phala masipuni angapo, ati anawamvera chisoni poti milomo yawo inauma. Nditawatembenuza, mwatuluka timibulu ta phala, kenako ndulu yobiriwira. Ndatsuka ndi saline 30 ml, tsopano m'thumba mwalowa 450 ml ndipo akupuma bwinoko.

Kiliniko wa on call: Lembani zonsezo pa fluid chart, pepala la madzi olowa ndi otuluka m'thupi, muchotsepo 30 ml mwathirayo. Zotuluka m'chifu zimapita ndi michere ya m'thupi ya chloride ndi potassium, ndiye tiwabwezera ndi normal saline ya drip, ndipo potassium tiona tikayeza magazi ndi kuchuluka kwa mkodzo. Muzikoka maola 4 alionse. Mimba ikayamba kupweteka kwambiri kapena pulse ikakwera, mundiimbire, sitidikira m'mawa.

Sister wa surgical: Amayiwo musawakalipire. Apatseni kagozi konyowa azipukutira abambowo milomo, akhale ndi chochita. Pulasitala wa pamphuno musinthe, chubu chisamakanikize khungu, ndipo nambalayo mulembe tsopano.

Wa usiku: Ndalemba, 55 cm. Mbale ya phala ija ndaisunga ku duty room.