Za ulendo wathu wa pa Khirisimasi wopita ku Glasgow

Mwezi watha ndinafunsa ngati kunali kwanzeru kuyenda pagalimoto kuchokera ku Manchester, ku England, kupita ku Glasgow, ku Scotland, m'nyengo yachisanu, ndili ndi ana awiri ndi apongozi anga amene angofika kumene kuchokera ku Zomba. Tinapita ndipo tabwerako bwino.

Malangizo amene anandithandiza kwambiri anali oti tinyamuke kukangocha, chifukwa mu Disembala dzuwa limalowa ku Glasgow 4 koloko madzulo isanakwane. Tsiku limene tinakonza tinalephereza ulendo titaona chenjezo la Met Office, bungwe loona za nyengo ku UK, ngakhale kuti ana ananyinyirika. Mawa lake, pamsewu wa M6 chakufupi ndi mudzi wa Shap, pamene msewu umakwera kwambiri, tinapeza chifunga, ndipo malole ankatithira pagalasi matope osakanikirana ndi mchere umene amawaza pamsewu kuti usaundane, moti madzi otsukira galasi osaundana ndiwo anandipulumutsa. Ndinkasiya mpata waukulu kutsogolo kwanga, popeza Highway Code, buku la malamulo a pamsewu ku UK, imanena kuti pamsewu woundana mtunda woimira ungachuluke kakhumi.

Tinkapuma mphindi 15 pakatha maola awiri alionse. Apongozi, atafunda bulangeti mpaka m'khosi, ankagawira ana mandasi ndi tiyi wa m'fulasiki, ndipo chipewa chawo sanachivule mpaka tinafika.