Mwana wanga ali ku Punjab, ndimubweze kapena apitirize sukulu?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamkazi akuphunzira za unamwino ku Amritsar, mzinda wa m'chigawo cha Punjab ku India, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera kumalire a India ndi Pakistan. Chimene chinachitika mu Meyi 2025 sichinandichokebe mumtima. Anthu 26 ataphedwa ku Pahalgam, m'dera la Kashmir limene India ndi Pakistan amalimbirana, India inaponya mizinga ku Pakistan pa 7 Meyi, ndipo bwalo la ndege la Amritsar linatsekedwa. Mwanayo ankandiimbira ali mumdima, magetsi atawazimitsa dala, akulankhula chonong'ona. Ine kuno tulo osabwera, foni ili pamtsamiro.

Anasiya kuwomberana pa 10 Meyi, inde, koma nkhani ya Kashmir njakale, yochokera mu 1947, ndipo maiko onsewa ali ndi mabomba a nyukiliya. Ndiye mtima wanga sukhazikika.

Watsala ndi chaka chimodzi, fizi tinalipira movutikira, tinachita kugulitsa ng'ombe ziwiri. Amene muli ndi ana kumeneko, munatani? Kodi mwana amalembetsa bwanji ku ofesi ya kazembe wathu ku New Delhi kuti adziwike kumene ali? Nanga kusamukira sukulu ya kum'mwera, monga ku Bengaluru, n'kotheka osabwereza chaka?