Ndalama za boma zothandizira ochitiridwa nkhanza: tigogode khomo liti?

Moni nonse akuluakulu a m'gulu lino, makamaka inu amene munagwirapo ntchito m'mabungwe.

Ndife amayi 14 a ku Kanyama kuno ku Lusaka. Timaperekeza amayi ndi ana ochitiridwa nkhanza ku Victim Support Unit ya apolisi, kuchipatala, mpaka kukhoti. Zonse timalipira ndi ndalama zathu za chilimba. Mwezi watha mtsikana wina anagona pamphasa kukhitchini kwanga masiku asanu, diso lili lotupa, kamwana kali pambali. Tsiku la mlandu ndalama ya minibasi tinachita kukongola. Zinandiwawa kwambiri.

Gulu tinalembetsa kwa Registrar of Societies. Satifiketi, malamulo a gulu ndi akaunti ya kubanki zilipo. Tinatenga fomu ya CDF (ndalama za boma za chitukuko cha m'dera la phungu) yoti idutse kukomiti ya chitukuko ya wadi yathu, koma imafunsa za bizinesi ndi phindu, pomwe ife sitigulitsa kanthu. Kuofesi ina tapitako katatu, yankho ndi lakuti tibwerenso.

Chomwe chimandilimbitsa mtima n'chakuti lamulo la 2011 lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi linakhazikitsa thumba la ndalama zothandizira ochitiridwa nkhanza.

Tsono ndifunse: kagulu ngati kathu kangapemphe kuthumba limenelo, kapena ndi la mabungwe akuluakulu okha? Pempho limapita kwa ndani, ndipo posankha amayang'ana chiyani? Kapena tipemphe CDF ya makina osokera, phindu lake lizilipira mayendedwe? Amene munalandirapo, chonde tiuzeni mmene munayendera.