Kupita ndi ana aang'ono ku Gold Reef City m'Disembala: tsikulo tilikonze bwanji?

Mayi a Tadala:
Moni nonse. Tchuthi chikubwerachi tikhala ku Joni kwa achimwene anga, ndipo ana akufuna tikawaonetse Gold Reef City, paki ya masewera ndi zokwera zosangalatsa. Tikhala akuluakulu awiri ndi ana atatu, wa zaka 3, wa zaka 5 ndi wa zaka 8. Akuti m'Disembala anthu amakhala thithithi. Inu odziwa malowa, tipite tsiku liti, titenge chiyani, nanga wamng'onoyu akapindulako kanthu?

Bambo a Yamikani:
Mayi a Tadala, musanagule tikiti iliyonse tengani tepi muyeze ana onse atatu atatsamira khoma. Kumeneko sayang'ana zaka, amayang'ana kutalika. Zokwera zikuluzikulu monga Anaconda ndi Tower of Terror zimafuna munthu wofika mamita 1.3. Mwana wa zaka 8 amakhala cha pamalire penipeni, ena afika ena ayi. Ngati wapelewera ngakhale ndi sentimita imodzi, muuzeni muli kunyumba. Chimene chimawononga tsiku ndi mwana kuima pamzere nthawi yaitali kenako n'kubwezedwa pakhomo anzake akulowa. Ogwira ntchito simungawanyengerere, ndipo akulondola: zotchingira pamapewa ndi pamiyendo anazipangira thupi la msinkhu umenewo, mwana wochepa sizimugwira bwino.

Kutalikako n'kumene kungakuuzeninso mtundu wa tikiti woti mugule. Gulani pa intaneti tsiku lisanafike, ndipo muone pomwepo ngati tsikulo akutsegula, chifukwa masiku otsegulira amasintha malinga ndi nyengo ya sukulu.

Za tsiku: pewani Loweruka, Lamulungu, 16 Disembala ndi 26 Disembala, omwe ndi maholide ku South Africa. Sankhani pakati pa sabata. Malowa ali ku Ormonde, kum'mwera kwa tauni, pafupi ndi msewu wa M1. Fikani patatsala theka la ola kuti atsegule. Maola awiri oyamba ndiwo tsiku lanu lenileni, mizere imakhala yaifupi ndipo dzuwa lisanakwiye. Mukangolowa gawanani: wamkulu mmodzi atenge wa zaka 8 n'kupita molunjika ku zikuluzikulu zija, winayo apite ndi awiri aang'ono kumbali ya ana, kumene kuli timasitima ndi tozungulira pang'onopang'ono. Mukayenda gulu limodzi tsiku lonse, aang'ono amangodikira padzuwa mkulu wawo ali pamzere, ndipo pofika masana amakhala atanyanyala kale.

Nangozo:
Ndionjezere za nyengo, chifukwa alendo ambiri imawadzidzimutsa. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, kamphepo kamakhala kozizira bwino koma dzuwa limawotcha khungu munthu osazindikira. Ndiye m'Disembala mvula ya mabingu imakonda kubwera chakumasana. Mphenzi zikayamba, zokwera zazitali amaziimitsa, khamu lonse limathamangira pamthunzi ndi m'malo odyera nthawi imodzi. Choncho chilichonse chimene ana akuchilakalaka kwambiri chichitike 1 koloko isanakwane. Zam'nyumba, monga kuonerera akusungunula golide n'kumuthira m'chikombole, zisungireni masana.

M'chikwama, achemwali, muikemo izi. Zipewa za mlomo waukulu. Mafuta oteteza kudzuwa a SPF 50, owadzoza musananyamuke ndi kubwerezanso pakatha maola awiri aliwonse, osaiwala makutu ndi kumbuyo kwa khosi. Zovala zosinthira za mwana aliyense mpaka kabudula wam'kati, m'jumbo, chifukwa zokwera za pamadzi, Log Ride ndi Raging Rapids, zimanyowetsa ndithu, ndipo mwana woyenda ndi zonyowa amasupuka m'ntchafu. Nsapato zikhale zotseka, osati mapatapata, amavuka pokwera. Majekete opepuka a mvula. Wa zaka 3 mumutengere chikuku ngakhale amayenda yekha kale. Pofika 2 koloko adzafuna kugona, ndipo kubereka mwana wolemera makilogalamu 14 padzuwa kwa maola ambiri kumathyola msana. Chitenje chikhalepobe, chimatchinga dzuwa pachikukupo, koma osakutira mbali zonse, mkati mumatentha kwambiri mpweya ukapanda kulowa.

Madzi musadikire kuti apemphe. Mwana akatengeka ndi masewera ludzu salimva. Muzimupatsa theka la kapu nthawi iliyonse mukuchoka pa chokwera china kupita pa china. Mukaona milomo yauma, wafooka, kapena patha maola anayi kapena asanu osakodza, khalani pamthunzi, mumumwetse pang'onopang'ono. Mapaketi awiri a ORS salemera, atengeni.

Chakudya chamasana idyani cha m'ma 11:30, anthu asanakhamukire kumeneko. Malamulo a zakudya zochokera kunja muwawerenge pogula tikiti kuti musakasiyitsidwe kamba pageti. Akadya, papite theka la ola asanakwere chozungulira, apo ayi chizungulire ndi nseru zimathera m'kusanza.

Malume Phiri:
Zonsezi n'zoona, koma palibe wanena za kusowa kwa mwana, ndipo pakhamu ngati limenelo n'zimene ine ndimaziopa kuposa mvula. Mwana sasowa pamzere, amasowa mukutuluka pa chokwera, pogula zinthu ndi pakhomo la chimbudzi, pamene wamkulu aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye wamugwira. Ndiye muzitchula pakamwa: "Wamng'ono ali ndi ine." Winayo ayankhe.

M'mawa jambulani mwana aliyense pafoni atavala zovala za tsikulo, thupi lonse. Avale mitundu yowala yofanana. Nambala ya foni ya ku South Africa ilembedwe pamkono ndi cholembera chosafufutika. Ya ku Malawi ingakuchedwetseni ngati siikugwira kumeneko. Dzina la mwana musalilembe poonekera pamalaya, mlendo angamuitane nalo iye n'kumukhulupirira. Mukangolowa muwaonetse yunifolomu ya ogwira ntchito, muwauze kuti akasochera aime pomwepo osathamanga, auze wovala choncho kapena mayi amene ali ndi ana. Wa zaka 5 ndi wa zaka 8 aloweze mawu ochepa a Chingelezi onena kuti asowa makolo, poti Chichewa si onse angachimve. Zikachitika, mmodzi atsale pamalo amene mwana anaoneka komaliza, wina akauze alonda nthawi yomweyo, osayamba mwazungulira nokha kwa mphindi 20.

Mayi a Tadala:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga zolowa mumgodi wa golide umene uli m'pakimo, ndi Apartheid Museum, nyumba yosungira mbiri ya tsankho la ku South Africa, poti ili pafupi, tingaziphatikize tsiku lomwelo?

Bambo a Yamikani:
Mgodiwo ndi weniweni, Shaft 14 ya kampani yakale ya Crown Mines, ndipo paki yonse anaimanga pozungulira pamenepo. Mumatsika ndi chikepe mutavala chipewa cholimba, pansi pali mdima, malo othina ndi phokoso. Ana aang'ono kwambiri saloledwa, choncho awiriwo atsale kunja ndi wamkulu mmodzi. Wa zaka 8 angasangalale ngati saopa mdima. Mufunseni bwino musanalembetse, chifukwa mukatsika simungatuluke nokha gulu lisanamalize. Funsani nthawi zake mukangofika m'mawa.

Apartheid Museum ayi, osati tsiku limenelo ndiponso osati ndi ana amenewa. Inatsegulidwa mu 2001, imafuna maola awiri kapena atatu munthu akuwerenga modekha, ndipo zithunzi ndi mafilimu ake ena ndi oopsa kwa mwana. Mudzapiteko akuluakulu nokha tsiku lina, ana atatsala ndi amalume awo.

Nangozo:
Ndiponso musalimbane n'kuti mufike nthawi yotsekera poti munalipira. Tulukani cha m'ma 3:30. Mukadikira mpaka kumapeto mudzatulukira limodzi ndi aliyense, n'kukapezanso M1 itadzaza ndi ochokera kuntchito, ana ali ndi njala kumbuyo. Musiye nthochi, mabisiketi ndi botolo la madzi m'galimoto, zokutidwa bwino pamalo osafika dzuwa, zoti adye pobwerera.